Kalata Imene Ndinalembela Mnzanga Ndiyo Inapeza Nchito

Aphungu,

Ndimawelenga malangizo anu nthawi zonse nyuzi ino ikafika ku sitolo ya pa Nyimba, ngakhale imafika itakalamba kale. Sindinaganizepo kuti tsiku lina nanenso ndidzakhala mmodzi wa anthu olila pa tsamba lanu. Koma mtima ukundiwawa, ndipo kuno kulibe amene ndingamuuze osandiseka.

Ndine mnyamata wa kwa Mwape. Atate anamwalila ndili mu Sitandade 2, ndipo amalume anga, a Lungu, ndiwo anandiphunzitsa ndi fodya ndi nshawa za m'munda mwawo. Nditatha Fomu 2 ndinasankhidwa kupita ku koleji ya ukalaliki ku Lusaka. Kumeneko ndinaphunzila kutayipa, kulemba mofulumila ndi zizindikilo kumene amati shotihandi, ndi kusunga mabuku a malonda. Sindidzitama, Aphungu, koma m'kalasi mwathu dzina langa linali kukhala kumwamba nthawi zonse. Ndinalinso mlembi wa kagulu ka mtsutso wa Chingelezi. Tsiku limene ndinatsika lole pa Nyimba ndi setifiketi m'sutukesi, amalume anandichingamila ndi njinga, amai anandiphela nkhuku, ndipo mudzi wonse unayamba kunditcha "a Kalaliki". Lelo akali kunditcha motelo, koma tsopano amatelo akutsinana.

Dzinja lapita, masika apita, ine ndili pamudzi. Ukalaliki wanga ndi wolembela azimai makalata opita kwa amuna awo kumigodi, iwo n'kundithokoza ndi dzila kapena chinangwa. Makalata anga ofunsila nchito ndatumiza ku Lusaka, ku Broken Hill, kumigodi, ku Fort Jameson. Ambili sayankha n'komwe. Ena amabweza kapepala ka mzele umodzi konena kuti malo palibe. Nthawi ina ndinamva kuti ofesi ina ku Fort Jameson ifuna wotayipa, ndipo ndinakwela lole kupita ndekha. Anandiimika panja pa windo. Patapita nthawi mesenjala anabwela kudzandiuza kuti, "Nchito imeneyo ni ya adona, mwana. Bwelela kwanu." Pa windo lomwelo ndinawaona adonawo, mkazi wa mzungu wina wongofika kumene kuchoka ku Salisbury, akusaka zilembo pa makina ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapila. Chitaganya chimene amatiuza pa wailesi kuti chabwela kudzagwilizanitsa mitundu, ine ndinachionela pa windo limenelo.

Zimenezo ndinazimeza, chifukwa zimagwela aliyense wa khungu langa. Chimene chandilembetsa kalata ino ndi china.

Ku koleji ndinali ndi mnzanga Febian, wa ku Nyampande. Ndi munthu wabwino, wokonda kuseka, koma m'kalasi anali wa kumchila. Shotihandi inamkanika, Chingelezi chake n'chothyokathyoka. Mayeso otsiliza anawakhoza mokwawa, ndipo amene ankamuthandiza kuwelenga ndine. Mwezi wa Epulo tonse tinamva kuti kampani ina yogula nshawa ndi fodya yatsegula depoti pa Petauke, ndipo ifuna kalaliki wachikuda. Ndinati uwu ndiye mwayi wanga, wandipeza pakhomo penipeni.

Kalata yanga ndinaipatsa sabata yathunthu. Ndinabweleka dikishonale kwa aphunzitsi a pasukulu ya kwathu, ndinasankha mau olemela amene ngakhale aphunzitsiwo anachita kundifunsa tanthauzo lake. Ndinayamba ndi kunena kuti ndine kapolo wawo wodzichepetsa, wogwada pa mapazi awo, monga mmene tinkaonela m'makalata a akuluakulu. Ndinafotokoza za imfa ya atate, za kuvutika kwa amai, za amalume amene msana wapindika ndi khasu chifukwa cha ine. Ndinaikamo mitu yonse imene tinatsutsana ku koleji. Ndinatsiliza ndi kuwalonjeza kuti Mulungu adzawadalitsa akandichitila chifundo. Inadzaza mapepala anai. Amalume atainyamula m'manja anati, "Iyi yalema. Mzungu sangaikane."

Ndinapita nayo ndekha ku Petauke kuti isataike panjila. Pa khonde la positi ofesi ndinakumana ndi Febian, atatsamila njinga yake, thukuta lili kamukamu.

"Edmond, mnzanga, nilembeleko naine," anatelo. "Udziwa kuti nikalemba nekha mzungu azadwala mutu."

Ndinaseka chamumtima. Sindinamuone ngati munthu wopikisana nane. Ndinatenga pepala limodzi, ndinalitsamiza pa bondo, ndinamfunsa kuti, "Nanga iwe udziwa chiyani choti tilembe?" Anakanda kumutu. Anati pa tchuthi chilichonse ankathandiza akulu ake pa sikelo ya alimi kwawo, kupima matumba ndi kulemba malisiti. Anati njila za m'midzi ya kumeneko amazidziwa, ndipo njinga ali nayo yake. Ndinalemba zomwezo mmene anazinenela, m'Chingelezi cha mwana wa Sitandade 4: dzina, zaka, sukulu, setifiketi, liwilo lake pa makina, za sikelozo, zinenelo zimene amalankhula, ndi maina a anthu awili omudziwa. Pepala silinadzale. Makalata awiliwo tinawaponya m'bokosi limodzi, iye anandigulila tiyi ndi chitumbuwa, tinasiyana.

Aphungu, Febian ndiye anaitanidwa. Ine ngakhale kapepala ka mzele umodzi sindinalandile.

Mwezi watha ndinapelekeza amalume kukagulitsa nshawa ku depoti yomweyo, chifukwa maso awo saonanso bwino manambala a pa sikelo. Tinapeza Febian atakhala pa tebulo pakhonde, malaya oyela, masokosi ofika m'maondo, pensulo pakhutu. Akanandinyadila zikanakhala bwino, ndikanapeza pomudela. Koma iye anadzuka, anapatsa amalume moni ndi manja awili, n'kutichotsa pamzele kuti tipimitse msanga. Kenako, amalume ndi alimi ena akumva, anati:

"Edmond, bwana anakondwa maningi na kalata ija. Anati mwa onse, ni ine nekha n'namuuza zimene anafuna kumva."

Ndinamfunsa za yanga. Anayamba kuzemba, ine ndinaumilila. Potsiliza ananena motsitsa mau kuti mesenjala wa pamenepo ndiye anamuuza: bwana anawelenga tsamba loyamba mokweza, anaseka, anafunsa kuti, "Uyu afuna ukalaliki kapena ubishopu?" n'kuiponya pambali.

Alimi amene anali pafupi anamva, anafa ndi phwete. Febian sanaseke. Anangoti akhoza kundipemphela malo osoka matumba mpaka msika utatha. Ine, Aphungu, kusoka matumba, iye akundichonga dzina m'mawa uliwonse!

Tinakwela lole kubwelela kwathu. Titatsika lole pa Nyimba, akumangilila matumba opanda kanthu pa njinga, amalume anati, "Lomba fodya yense uja n'nalimila mwana wa eni?" Sanandiyang'ane. Mau amenewo akali kundilasa.

Palinso Olipa, mtsikana amene ndinamtomela ndisanapite ku Lusaka. Iye wandidikila mokhulupilika, koma amai ake atopa. Dzulo amaiwo anandiitana, anandiyalila mphasa bwinobwino, anati, "Atate, mapepala ife sitidya. Ngati nchito yakukanani, bwelani mudzagwile khasu kuno monga akamwini anzanu. Apo ai, mumasuleni mwanayu mvula isanagwe." Olipa anali kuseli kwa nkhokwe, ndinamumva akufwenthela.

Ndalemba kale kalata ina, ili m'sutukesi, yopita kwa bwana wa depoti. Ndamuuza kuti kalata imene anaitamayo ndinalemba ndine, kuti Febian sangathe kulemba mizele itatu ya Chingelezi popanda cholakwa, ndi kuti shotihandi analephela. Zonsezi n'zoona. Kodi ndiitumize?

Ndamvanso kuti bungwe lina la alimi lifuna wosunga mabuku, makalata afike mwezi uno usanathe, koma dzanja langa lachita mantha. Ngati kalata ya sabata yathunthu iseketsa anthu, ya pabondo n'kupatsa munthu nchito, ndiye kuti ku koleji ndinapita kukatani? Ndiuzeni zoona, musandinyengelele.

E.D., Nyimba

E.D. mwana wanga,

Wati ndisakunyengelele, ndiye khala pansi umve.

Za pa windo la ku Fort Jameson ndilibe mankhwala ake. Ine ndakalambila m'maofesi otelo ndikutsegula makalata. Mabwana ankabwela, n'kukwezedwa, n'kupita, koma mpando wanga sunasunthepo kuchoka pafupi ndi chitseko. Pali zitseko zimene masiku ano sizitseguka ngakhale utalemba ngati mngelo, ndipo mkwiyo wako pa zimenezo ndi wolungama. Usalole munthu akuuze kuti cholakwa chonse ndi chako.

Koma chitseko cha pa Petauke chinali chotsegula. Anafuna munthu wakuda, ndipo anasankha kalata yolembedwa ndi dzanja lako. Ukufunsa kuti ku koleji unapita kukatani? Yankho ndi limenelo: kulemba umadziwa. Vuto lako ndi lakuti polemba za mnzako umaona bwino, koma polemba za iwe mwini maso amachita nkhungu ndi njala ya nchito.

Ndikuuze mmene makalata amenewa amawelengedwela. Bwana amakhala ndi mulu patebulo, tiyi akuzizila, lamya ikulila. Kalata iliyonse amaipatsa kanthawi kongokwana kuyatsa ndudu. M'mutu mwake muli funso limodzi lokha: munthu uyu adzandichotsela mtolo uti? Iwe unamuyankha funso limene sanafunse, la mavuto ako. Imfa ya atate ako ndi yowawa, pepa mwana wanga, koma pa mulu umenewo wamasiye sunali wekha. Makalata a ana amasiye ndatsegula osawelengeka, ndipo sindikumbuka ndi mmodzi yemwe amene analembedwa nchito chifukwa cha misozi. Za ukapolo ndi kugwada pa mapazi uzileke lelo lomwe. Akuluakulu ankalemba motelo chifukwa analibe setifiketi yoti iwalankhulile. Iwe uli nayo, ndipo amalume ako sanapindike msana kuti uzidzitcha kapolo wa munthu wogula nshawa.

Tsono ya bungwe la alimi ija uchite chonchi. Tenga mapepala awili. Loyamba ndi kalata yeniyeni, yaifupi yoti munthu aiwelenge ali chiimile. Utchule nchito imene ufuna ndi dzina lake, kumene unaimvela, zifukwa ziwili kapena zitatu zimene ukuiyenelela, ndi kuti uli wokonzeka kubwela kudzaonana nawo. Basi.

Pepala lachiwili ndi mbili yako. Usailembe ngati nthano, koma m'mizele yaifupi yoti diso lithamangemo. Pamwamba dzina, zaka zako ndi keyala. Keyalayo ikhale ya malo amene makalata amafikadi msanga, monga kumishoni kapena kwa mwini sitolo wokhulupilika. Ndaona anyamata akutaya nchito chifukwa kalata yowaitana inagona m'thumba la munthu wa njinga mpaka tsiku litapita. Kenako maphunzilo, kuyambila a ku koleji kubwelela m'mbuyo, chilichonse ndi chaka chake. Usangoti umatayipa mwaluso, chifukwa aliyense amatelo. Lemba chiwelengelo cha mau amene umatayipa pa mphindi monga chilili pa setifiketi. Malo amene unkakhala m'kalasi uwatchule kamodzi kokha. Ndipo usaonjezepo Fomu imene sunafike. Zotelezi zimaululika tsiku loyamba lomwe.

Ndiye pabwele gawo limene ndikhulupilila kuti unalidumpha: nchito zimene manja ako agwilapo kale. Udzati sunalembedwepo nchito. Nanga Febian anali atalembedwapo? Wanena wekha kuti amalume ako umawawelengela sikelo, ndi kuti makalata a azimai a m'mudzi amalemba ndiwe. Iwe ukuziona ngati zamanyazi, koma kwa wolemba anthu nchito ndi umboni wakuti alimi amakukhulupilila. Ngati unasungapo kaundula wa kutchalitchi kapena wa mpila, ikamo. Pa kagulu ka mtsutso kaja usatchule mitu imene munkakangana, pakuti masiku ano ena amawelenga zotelo ngati ndale, ndipo kalata yako ingathe kukathela ku ofesi imene sunaitumizeko. Nena kuti unkalemba zokambilana za pamisonkhano ndi kusunga maina a mamembala, chifukwa imeneyo ndiyo nchito ya kalaliki. Bungwe la alimi lifuna munthu amene mlimi wa kwa Mwape angamumve, choncho Chinsenga chako uchilembe pambali pa Chingelezi ndi Chinyanja, osachita nacho manyazi.

Pansi penipeni uike maina a anthu awili okuchitila umboni, wina wa ku koleji, wina wa kwanu, kaya abusa kaya ahedi a sukulu. Uyambe wawapempha, asadzadabwe akafunsidwa. Setifiketi yeniyeni isachoke m'manja mwako. Tumiza kope lake losainidwa ku boma. Dikishonale uibweze kwa eni ake. Liu lililonse limene sungalinene pakamwa bwana atakufunsa mwadzidzidzi, lichotse. Ukatha, pempha makina kumishoni uitayipe wekha pa pepala loyela, chifukwa munthu wonena kuti adziwa kutayipa n'kutumiza kalata ya pamanja amadzitsutsa yekha. Ndipo leka kutumiza kalata imodzimodzi kulikonse. A kumigodi ndi a nshawa safuna zofanana.

Zikakuvuta kudziona wekha, pita kwa Febian. Inde, kwa iyeyo. Mukhale pansi, iye akufunse funso lomwe lija unamfunsa, iwe uyankhe ngati ukucheza, n'kulemba zimene zatuluka pakamwa pako. Mnyamata amene anadzuka pampando kupatsa amalume ako moni ndi manja awili sanaiwale chimene unamchitila. Ndiponso tsopano ali mkati, amamva za malo otseguka nyuzi isanalembe.

Kusoka matumba ndidziwa kuti kukuwawa, nanenso kukanandiwawa. Koma uku ukudikila yankho la bungwe, usakukane msanga. Msika ukatha udzakhala ndi mzele wina woti ulembe pa mbili yako, bwana amene wakuona nkhope, ndi kanthu kopita nako kwa amai a Olipa mvula isanagwe. Olipa mwini wakeyo ukamuuze zonse wekha, za ubishopu zomwe, asakazimvele kuchitsime. Amalume ako usawayankhe. Mau aja ananena ndi kutopa, ndipo sadzafafanizika ndi mau ena, koma ndi tsiku limene adzakupeze uli pa tebulo lako.

Tsopano za kalata ili m'sutukesiyo. Wati zonse zili m'menemo n'zoona, ndipo sindikutsutsa. Koma bwanayo wakhala akumuona Febian akugwila nchito msika wonse uno. Ngati akumkwanila, za shotihandi sadzazifunsa. Ngati angamchotse, sadzaitana iwe, chifukwa palibe bwana amene amafuna pafupi ndi mabuku ake munthu woneneza anzake. Adzangouza azungu anzake ku kalabu kuti makalaliki akuda amalembelana makalata, ndipo anyamata ena amene sanakulakwile kanthu ndiwo adzapsele pamenepo. Ndiponso kwa Mwape ndi ku Nyampande si ku Lusaka kumene munthu amasowa m'khamu. Mudzakumana pa malilo, pa msika, m'lole imodzi, mpaka imvi.

Itenthe lelo, usadikile mailo. Ukaitumiza, imeneyo ndiyo idzakhale kalata yako yoyamba imene bwana adzaiwelenge mpaka pansi pamene pali dzina lako, ndipo dzinalo sadzaliiwala.

Aphungu